Tulo timene ndinakulanda, Rozita

Rozita mwana wanga,

Usadabwe kuti amako akukulembera kalata chonsecho tili pakhomo limodzi. Tsiku lonse la lero ndakhala ndikukuzungulira ngati nkhuku yofuna poikira, koma nyumba yadzaza alendo a ukwati, ndipo ngakhale akanachoka onse sindikanatha kukuyang'ana m'maso. Ndili ndi manyazi. Ndiye ndathawira kuno kuseri kwa nkhokwe dzuwa lisanalowe, ndang'amba mapepala m'kope lako lakale la ku sikola. Chipwitikizi chanu chija ine sindichitha, ndilemba m'Chichewa chomwe ndinaphunzira ku Malawi tili kothawa nkhondo. Pomwe ndaphonya chilembo uwongole wekha, wophunzira ndiwe.

Mawa ukatuluka m'tchalitchi ukukwera lole ya akuchimuna, kupita chitengwa ku Chidzolomondo, kwawo kwa Tomasi. Kumeneko n'kutali. Sikoti ndingamve kuti wadwala n'kuthamangirako ndi phala m'kambale. Malangizo a mphika, a kugwada, a madzi osamba a mwamuna, a madrinya ako, anamkungwi a ukwati aja, ndi amayi a mumpingo akuthira m'makutu mpaka asefukira. Ine ndili ndi limodzi lokha, ndipo likutsutsana ndi zonse zomwe ndakuphunzitsa chibadwire chako. Uzigona, mwana wanga. Uzigona tulo tokwanira. Chiuno chako chimene chakusautsa zaka zonsezi, chikakasowa tulo kumeneko chikakugwetsa, ndipo wokukankhira ku phompho limenelo ndine amako.

Ndiyambe ndi za lero, poti n'zomwe zikundiwotcha. Iwe unali kuchipinda ukuyesa chovala cha mawa pomwe azakhali ake a Tomasi anandiitanira pamphasa, amayi onse ali pomwepo akusankha nyemba. Anati, "Asewele, ife tadutsa midzi yambirimbiri kudzatenga mwana pakhomo pano chifukwa cha mbiri. Anthu amati kwa a Naphiri tambala amadzutsidwa ndi tsache. Kwathu mwezi wamawa tiyamba kuthirira mbande za fodya, madzi timatunga kudambo kusanache. Nanga mwanayu alibe kamatenda kalikonse koti tidziwiretu?" Rozita, anafunsa bwinobwino, mwaulemu, ngati munthu wofunadi kumva. Ine, amako okubala, ndinaseka n'kuwomba pantchafu. Ndinati, "Uyu? Uyu n'chitsulo! Ndi khomo la chipatala lomwe salidziwa. Tulo sagwirizana nato, watengera ine." Amayi anawomba m'manja, wina mpaka nthungululu. Pakamwa panga pali powawa mpaka tsopano, ngati ndatafuna tsamba la fodya.

Mbiri imene anabwerera ija ndikuuze komwe inachokera, mwina undimvetse, ngakhale sindikupempha kuti undikhululukire lero lomwe. Titabwerako ku Malawi nkhondo itatha, abambo ako ananditenga chitengwa kudzakhala m'mudzi uno, mwa anthu oti nkhondo yonse sanathawe. Ndisanathe ndi mwezi womwe ndinamva apongozi anga, agogo ako malemu, akuuza mnzawo kuseri kwa bafa kuti, "Mwana wanga watola wa ku kampu. Awa anazolowera kuima pamzere n'kulandira ufa, ntchito adziwira kuti?" Mawu amenewo anandilowa ngati munga wa m'phazi. Ndinalumbira mumtima kuti m'mudzi muno palibe mkazi adzadzuke ine ndili chigonere. Ukudziwa momwe amayi akuno amayesera mkazi: podutsa m'mawa kupita ku chitsime amaponya diso pabwalo, aone ngati mizere ya tsache yadutsa kale. Ine ndinkafuna kuti popita iwo apeze bwalo langa lili mbee, mizere yake itagwerapo kale mame, ine n'kukumana nawo m'njira ndikubwerako ndi ndowa pamutu. Akati, "Iii, a Naphiri, inu mumagona?" ine mtima uli m'mwamba ngati ndapatsidwa mendulo. Tsiku lina mwezi unawala kwambiri, ine kuyesa kwacha. Ndinasesa bwalo lonse, kupita ku chitsime, osakumana ndi munthu, galu yekha akundidabwa. Nditazindikira kuti ndi pakati pa usiku, ukuganiza ndinabwerera kukagona? Ayi. Ndinakhala pakhonde m'chisanu cha kuno cha mwezi wa Junyu, mano akugundana, kudikira kuti wina adutse andione.

Msana wanga unayamba m'zaka zimenezo. Poyamba kanali kamoto pang'ono apa pomangira chitenje, kenako kanasanduka mlendo wosatsanzika. Ndinkati ndi khasu, ndinkati ndi mimba zanu, ndinkati ndi mapiri akunowa. Mwina zonsezo zinathandizira. Koma sindinadzifunsepo chifukwa chake tsiku lotsatira usiku woipa msana unkachita kulusa, ngakhale ndisanagwire khasu. Ukawawa ndinkalephera kugona, ndikalephera kugona unkawawa koposa, ine n'kumadzuka msanga kuposa kale poti kugona kwandikanika, anthu n'kumandiyamikira. Waona uchitsiru wake? Matenda anga anthu ankawatcha khama, ine n'kumavomera. Uzigona, Rozita. Usatengere ine.

Za kugwa kwako sindikukumbutsa, unagwa ndiwe. Unali usanamalize sikola, tikuchokera kudimba, thumba la kachewere lili pamutu, phazi linaterereka pachitunda chija. Ndine ndinakusenzetsa, ndipo unandiuza kuti lalemera. Kutupa kunaphwa, mikwingwirima inatha, koma ululu wa m'chiuno unatsalira. Khoma la pakati pa chipinda chako ndi chathu n'lopyapyala, ndiye usaganize kuti sindinkamva. Ndinkamva mphasa ikulira tsekete, tsekete, ukutembenukira uku, ukutembenukira uko, nthawi zina ukubuula chamumtima kuti tisamve. Tulo tako tinkabwera mochedwa, cham'bandakucha, thupi litatopa n'kulimbana. Ndipo nthawi yomweyo, pomwe mpweya wako wangoyamba kuyenda bwino, ndi pomwe ine ndinkalowa, n'kukuvundukula manta, chofunda chako, ndi dzanja limodzi. "Dzuka iwe! Adzakukwatira ndani wogona ngati chidakwa?" Unkati, "Amayi, pang'ono pokha, chiuno." Ine, "Chiuno chili ndi aliyense, tenga tsache." Unkatuluka ukutsimphina, maso ofiira, n'kumasesa utagwira bondo ndi dzanja lina. Ndinkaona. Usadzamve wina akunena kuti amako sankadziwa.

Chaka chomwe anamwalira amalume ako ku Ntengo-Wambalame, Mulungu anandionetsa poyera, ine n'kutsinzina dala. Ndinakhalitsa kumalirowo, poti ndine mlongo wake wamkulu, zonse zinkadikira ine. Usiku timagona pansi m'nyumba ya siwa, ngati kugona kwake n'kugona, nyimbo mpaka kucha, wina akakutsamira mwendo, wina kukupondera chitenje. Amayi ena ankasinthana, uyu akagone uyu aimbe. Ine ayi, ndinkafuna anene kuti mlongo wa malemu sanatsinzine. Pobwerako thupi langa linali ngati landisendedwa khungu. Mfundo ya chitenje yokha inkandipweteka. Shapa, minibasi yomwe ndinakwera, ikagunda kamwala ndinkaluma mpango kuti ndisakuwe. Ndinatsika pamsewu dzuwa litakwera, ndikuyenda chowerama ngati nkhalamba. Kufika pakhomo, chinthu choyamba chomwe maso anga anaona ndi bwalo losasesa, zitosi za nkhuku ndi makoko a nyemba mbwee. Chachiwiri ndi iwe. Unkachokera kumunda, khasu paphewa, ukuyenda chowongoka, ukuseka ndi anzako, nkhope yosalala ngati ya mwana. Ndinali nditaiwala kuti umayenda choncho.

Abambo ako anandilonjera, kenako anati, "Amake Rozita, mwanayu masiku onsewa sindinamudzutse. Amadzuka yekha dzuwa likatuluka, ndipo taonani, mizere ya nyemba ija wamaliza yonse yekha. Sanadandaulepo chiuno kwenikweni. Bwanji tizimusiya?" Ukudziwa abambo ako salankhula zambiri, mawu amenewo anachita kuwasonkhanitsa. Munthu wanzeru akanakhala pansi. Ine ndinaponya chikwama. Ndinati, "Ndachoka pang'ono pokha mwasandutsa pakhomo panga khola! Anthu akudutsa apa akuti chiyani? Mwana mukumuwononga ndinu." Unasiya kuseka, unatsitsa khasu, n'kukatenga tsache dzuwa lili paliwombo, anzako akuonerera. M'mawa mwake ndinakudzutsa kusanache monga mwa kale, ndipo sabata isanathe unayambanso kutsimphina. Ndinauza abambo ako kuti mwaona, n'chifukwa cha nyemba zomwe munamulimitsa zija. Anangotenga khasu lawo n'kupita kumunda.

Tsopano ndifike pomwe dzanja likukana kulemba. Chaka chatha msana utandithina ndinapita ku chipatala cha ku vila, kutauni kuja, kuti akandipatse makomprimidu, mapiritsi opha ululu. Enfermera, namwino yemwe ndinamupeza, anali mtsikana, msinkhu ngati wako. Anandipima, kenako m'malo molemba mankhwala anandifunsa kuti, "Amayi, mumagona bwanji?" Ine kuyesa akundiyamikira, ndinati, "Ine sindigona, mwana wanga, funsani m'mudzi monse." Sanaseke. Anandifunsa nthawi yomwe ndimagona, kangati ndimadzidzimuka, chomwe ndimamwa madzulo. Kenako anandifotokozera mwachifatse. Anati ululu wokhalitsa ndi tulo zimakokana. Ululu umadula tulo, zimenezo aliyense amadziwa. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti tulo tochepa kapena todukaduka timachititsa thupi kumva ululu mopitirira, moti pomwe dzulo pankangonyerenyetsa lero pamabaya. Anati, "Thupi losagona lili ngati galu wogona ndi njala, amauwa ndi tsamba lomwe likagwa. Mankhwalawa ndikupatsani, koma mukapanda kukonza tulo muzingobwerabwera." Akulankhula choncho ine m'maso mwanga munali iwe, ukuchokera kumunda chowongoka, khasu paphewa. Ndinatsala pang'ono kumuuza kuti ndili ndi mwana kunyumba. Sindinanene. Ndinangothokoza kuti obrigada, n'kumanga makomprimidu pansonga ya chitenje.

Ndiye tamvera zomwe ndinachita. Ndinayesa malangizo aja mobisa. Ndinasiya tiyi wamadzulo, uja wakuda bii ndinkamwa makapu awiriawiri. Ndinayamba kugona msanga, ndipo m'mawa ndinkatsala pamphasa mpaka kunja kuyere. Sindinganame kuti msana unachira, ulipo, ndi pano ndakhala pamwala ukundikumbutsa. Koma unasiya kulusa. Ndinayamba kuwerama n'kutola nkhuni osatukwana. Ukukumbukira miyezi ija ndinkati ndili ndi malungo osatha, mutu ukundizungulira m'mawa? Kunalibe malungo. Ndinali kugona, Rozita, ndinali kudzichiritsa. Ndipo popeza bwalo silikanakhala losasesa, mbiri ya a Naphiri ingagwe, ndinkagogoda khoma ndi chigongono, ndili m'manta mwanga mofunda, n'kukuwa kuti, "Rozita, kwacha!" Iwe n'kumatuluka m'chisanu kukasesa, kenako kundibweretsera madzi otentha poti amayi akudwala. Mankhwala ndinawadziwa, ndinamwa ndekha, mwana wanga ndinamumana. Zimenezi ndi abambo ako omwe sadziwa. Polemba pano nkhope yanga yatentha ngati pali wina akuwerenga kumbuyo kwanga.

N'chifukwa chake ndikuti uzigona. Sindikunena ulesi, undimvetse bwino, ndipo iwe ulesi suudziwa n'komwe. Enfermera uja ananenetsa kuti wa msana kapena chiuno asamangogona tsiku lonse, thupi limauma, ululu umawonjezeka, ndipo wogona masana ambiri usiku amangoyang'ana denga. Ugwire ntchito, uyende, ulime, koma usiku ukhale usiku. Uzigona nthawi yofanana tsiku lililonse ndi kudzukanso nthawi yofanana, thupi limakonda chizolowezi ngati mbuzi yodziwa khola lake. Ngati kumeneko ntchito ya mbande ikufunadi kulawirira, ndiye uzilowa m'nyumba msanga, usamachezere pamoto ndi alamu ako mpaka nkhani zithe kuopa kuti anena kuti mtengwa ndi wonyada. Sungawotche nyali mbali zonse, kugona mochedwa kuti akukonde, kudzuka msanga kuti akutame. Ine ndinayesa, wandiona.

Telefoni yakonso iyo. Usaganize kuti sindiona kuwala pansi pa chitseko chako. Ndikudziwa kuti ululu ukakudzutsa umaitenga kuti uiwale, ndipo sindikukudzudzula, nanga munthu atani. Koma ukaiyatsa maso amayera, mutu umayamba kuyenda, tulo timene tinali pakhomo timabwerera. Kumeneko Tomasi yemwe unkalemberana naye uja akhala ali pambali pako, ndiye iike patali. Tiyi ndi kofi uzimwa m'mawa. Pogona uziika kapilo kapena kapulana, nsalu yako yovala ija, yopindapinda pakati pa mawondo, ukagonera mbali yosawawa. Kukazizira, nyika kansalu m'madzi ofunda uthowe pachiuno usanagone. Ndi zazing'ono, koma ine zinandithandiza, ndipo zikanakuthandiza chaka chatha ndikanatsegula pakamwa.

Pali chinanso choti ndikuchenjeze, useke ngati ukufuna. Kale ndisanapite ku chipatala kuja, mayi wina wa m'mudzi muno, dzina ndisunga, anandinong'oneza kuti kapu yaing'ono ya kachasu imagonetsa ngati mwana. Ine, wovala yunifolomu ya amayi a mumpingo, ndinatuma munthu kukagula m'botolo la mafuta ophikira kuti anthu asadziwe. Kugona ndinagonadi, gwaa, ngati chipika. Koma pasanapite nthawi ndinadzidzimuka mtima ukuthamanga, pakhosi pouma, msana uli moto, ndipo tulo sitinabwerenso. M'mawa abambo ako ananunkhiza m'mwamba n'kufunsa kuti kodi m'nyumba muno mwalowa ndani. Ndinati mwina ndi nthochi zapsa kwambiri. Wina akadzakuuza za mowa kapena za mapiritsi ogonetsa ogula pamsika, ukane. Tulo togula sitipumitsa thupi. Chiuno chikakula mphamvu, kapena mwendo ukayamba dzanzi, upite ku chipatala, ngakhale kuli kutali chotani, ndipo ukanene zonse, za kugwa, za usiku, osachepetsa ngati amako.

Tsono za Tomasi. Ndinakumva tsiku lija anakufunsa pamsewu chifukwa chake ukutsimphina, iwe n'kumuuza kuti nsapato ikukuluma. Ndinali kumbuyo kwanu ndi dengu, ndipo mumtima ndinati mwana wanga ndi wochenjera. Lero ndikuti ndinakuphunzitsa bodza ndipo unakhoza bwino. Nsapato idzakuluma mpaka liti? Munthu amene ugone naye mphasa imodzi adzamva kutembenuka kwako usiku woyamba womwe. Ukapanda kumuuza, adzaganiza zake: mwina sukumufuna, mwina ukulira kwanu, mwina uli ndi wina mumtima. Ndiponso munthu wosagona amapsa mtima msanga, ululu ukawonjezerapo ndiye basi, mawu amatuluka ngati mwala. Ine abambo ako ndawalalatira zaka zambiri pa zinthu zopanda mutu, mchere, chingwe cha mbuzi, ndipo anthu amati a Naphiri ndi aukali chibadwire. Sindinabadwe choncho ayi. Abambo ako anapirira, koma si mwamuna aliyense ali ngati iwo. Muuze Tomasi. Umuuze kuti, "Ndinagwa ndili mtsikana, chiuno chimandiwawa, ndikagona bwino ndimagwira ntchito ngati wina aliyense, ndikapanda kugona ndimagwa." Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, palibe adzakulotere. Mnyamatayo ndamuona momwe amakupatsira mpando, sindikuganiza kuti athawa. Akathawa chifukwa cha chiuno, ndiye kuti akanathawabe tsiku lina, iwe uli ndi mwana kumsana.

Ana akadzabwera, Mulungu akalola, tulo tidzaduka, pamenepo palibe mankhwala. Koma usadzachite zanga zija zokana thandizo kuti anthu aone kuti ndimatha. Mlamu akati bweretsa mwana ndimunyamule, umupatse, ukagone. Kumaliro uzisinthana ndi anzako, malemu sawerenga amene sanatsinzine. Ndipo ukadzakhala ndi mwana wamkazi, ukamumva akutembenuka usiku, m'mawa uyende monyang'ama podutsa pakhomo pake.

Ndikudziwa chomwe ukuganiza powerenga. Ukuti, "Amayi, n'zosavuta kulemba. Mwandigulitsa kale kuti ndine chitsulo, anthu aululutira, ndiye ine mtengwa wa dzulodzulo ndikayamba bwanji kugona apongozi atadzuka?" Ukunena zoona. Ndikukudziwa, ukafika kumeneko udzachita zomwe ndinachita ine, udzadzuka nyenyezi zili ngwee kuti usachititse manyazi amako. Udzasenza madzi kudambo, udzathirira mbande, udzamwetulira, ndipo mvula isanagwe chiuno chidzakugoneka pansi pakati pa anthu osakudziwa, amene adzati tinanamizidwa. Sadzanena kuti a Naphiri ananama, adzati mkaziyu anabisa. Bodza ndi langa, koma wolisenza ukhala iwe, ngati thumba lomwe wakweza wina. Ndiye si iwe woyenera kulitula, ndine.

Ndayesa kale lero, ndikuuze zoona. Amayi atabalalika ndinawatsatira azakhali aja kuseri komwe amasamba m'manja. Ndinaima pambali pawo, ndinatsokomola, ndinati, "Asewele, pali kanthu." Anatembenuka n'kuti, "Nenani, asewele." Anandiyang'ana ndi nkhope yabwino, akudikira. Ndinamva pakamwa panga pakufunsa kuti kodi kwanu chaka chino mvula inagwa bwanji. Anandifotokozera za mvula, ine n'kumagwedeza mutu ngati ndikumva, kenako ndinabwera kuno kudzang'amba mapepala. Mkazi wamkulu ngati ine, woti ndimadzudzula anthu pamsonkhano wa mpingo osaphethira, ndagonja ndi mawu ochepa chabe.

Mawa, mukatuluka m'tchalitchi, lole isanalize injini, pali nthawi ija timakupereka m'manja mwa apongozi ako, mbali zonse ziwiri zitakhala pansi. Adzandipatsa mpata woti ndinene mawu otsiriza monga mayi. Anthu akuyembekeza kuti ndidzati mwana wanga akalimbikire, akadzuke m'mawa. Ine ndikufuna ndidzanene izi, ndipo ndikuzilemba kuti ndisathawe: "Dzulo ndinanama. Mwanayu ali ndi chiuno chowawa, ndinamupweteka ndine. Ntchito amagwira, koma muzimusiya agone mpaka kuyere, ndipo mudzaona mkazi." Adzanong'onezana, ndikudziwa. Amayi omwe ndakhala ndikukumana nawo ku chitsime zaka zonsezi adzagwira pakamwa, ndipo nkhani ifika ku vila ine ndisanavule chovala cha ukwati. Zimenezo ndi zanga, ndinazilima ndekha. Ngati apongozi ako akwiya, akwiyire ine, ndidzagwada pa fumbi pomwepo.

Koma ndikudziopa, mwana wanga. Ndaona lero momwe lilime langa limathawira. Ndiye ndikupempha chinthu chimodzi, ine amene ndilibe nkhope yopemphera. Ukhale pafupi nane, usaweramitse mutu kwambiri ngakhale a madrinya akutsine, undiyang'ane. Ukaona ndaima, ndatsokomola, n'kuyamba kuthokoza ophika, kuthokoza oimba, kuzungulira uku ndi uku, dziwa kuti amako akuthawanso. Pamenepo usandilekerere. Unene mokweza kuti, "Amayi, nenani za chiuno changa." Ndinakulera kuti mwana sadula mawu a akulu, ndipo pa zimenezo sunandichititsepo manyazi. Mawa, pamaso pa anthu onse, undidule.

Ndine amako,
Naphiri